Kompyuta Yomwa Madzi ya Tsidya la Msewu

"Kodi amake mwana, mwakaiona kompyuta ya anzanu aja tsidyali? Akuti imamwa madzi."

Anandifunsa choncho ndi aneba anga, mayi wogulitsa zitumbuwa pakhonde logundizana ndi lathu. Ankatembenuza zitumbuwa zawo m'mafuta osandiyang'ana, koma ndinkadziwa kuti khutu lili kwa ine. Ndinayankha kuti sindinaione ndipo ndilibe nayo ntchito, poti kompyuta si mbuzi kuti izimwa madzi. Iwo anaseka.

"Kaioneni kaye. Yanuyi ikamalira ngati chigayo cha dizilo, ya anzanu imakhala ili zii."

Nthawi imeneyo tinkachita lendi kachipinda pamsika waung'ono wa kunja kwa geti la esiteti ya tiyi, panjira yopita ku Luchenza. Kutsogolo shopu, kuseri kwa katani kogona. Ntchito yathu inali yobena, kutanthauza kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemole a foni ndi m'mafulashi. Kompyutayo anagula ndi amuna anga, yogwirapo kale ntchito, atasiya ganyu yothandizira dalaivala wa thirakitala pa esiteti. Shopu yokha sinkakwana kutidyetsa, choncho iwo ankapalasa kabaza, ine n'kumatsala ndi makinawo mwana ali kumbuyo. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma kubena sikufuna satifiketi. Kumafuna maso, ndi mtima wodikira kamzere kobiriwira kaja mpaka kafike kumapeto.

Tsiku la malipiro ndiye linali lokolola. Otchola tiyi ankatsika m'minda madzulo, mapulasitiki akadali m'chiuno, zala zitada ndi utomoni wa masamba, aliyense kamemole kake atakakulunga m'kapepala. Wina akufuna makwaya a mpingo wa Sabata, wina nyimbo za Chilomwe zovina pa ukwati, achinyamata akufuna mafilimu a nkhondo omasuliridwa m'Chichewa. Tsiku limenelo likatiphonya, ndiye kuti ndiwo za mpaka malipiro ena zatiphonya. Kompyuta imeneyo ndi imene inandichotsa m'munda wa tiyi n'kundikhazika pamthunzi, ndipo ndinkadziwa kuti ikafa ndibwerera komweko.

M'kati mwa bokosi lake munali kachitsulo kakang'ono kamene amati purosesa. Ndi kamene kamagwira ntchito yonse, ndipo kamatentha ngati chiwaya. Pamwamba pake panakhala chitsulo china cha mano opyapyala ngati chipeso, pamwamba pa chipesocho fani. Chipeso chimakoka moto, fani n'kumauzira. Basi. Fumbi la malole a tiyi linkalowa n'kumata m'manomo ngati thonje. Sabata iliyonse ndinkatsegula m'mbali, kupopa ndi pampu ya njinga, kenako kupukuta dzino limodzilimodzi ndi nthenga ya nkhuku. Ntchito imeneyo ndinkaikonda. Phokoso la fani ndinali nditalizolowera, mwana wanga ankagona nalo bwinobwino, ndipo sindinkadziwa kuti ndi chinthu chochititsa manyazi mpaka tsiku la funso lija.

Anzanga a tsidya la msewuwo tinakulira limodzi ku Khonjeni, ndipo tinatcholapo tiyi pansi pa kapitawo mmodzi. Dengu limene linkalemera pa sikelo linali langa, osati lawo. Izi ndikunena chifukwa ndi zoona. Iwo anakwatiwa ndi mwamuna amene anapita ku Joni. Ankangotchajitsa mafoni pakashopu kawo, mpaka pamene amuna awo anawatumizira katoni yaikulu pa basi.

Ndinapirira masiku angapo osawoloka. Kenako ndinapeza chifukwa, kukabwereka tsache.

Bokosi lake linali lakuda, mbali imodzi ya galasi. M'kati munkayaka tinyali tosinthasintha mtundu, ngati pamalo oimbira bandi. Pa purosesa panalibe chipeso. Panali kanthu kozungulira ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola, ndipo kuchokera pamenepo mapaipi awiri akuda ankakwera kukalowa m'chitsulo chachitali cham'mwamba. Ndinatchera khutu. Ndinkamva nkhuku panja, mashini a telala, mpweya wa mwana wanga kumsana. Kompyutayo ayi.

"Mwabwera kudzaona mlendo, asisi?" anatero anzangawo.

"Ndabwera kudzabwereka tsache."

"Tsache lili apo. Koma tagwirani apa." Anatenga dzanja langa n'kuliika pagalasi. Panali pozizira ngati mtsuko m'mawa. "Akuti madzi amazungulira m'mapaipimu, kutenga moto n'kupita nawo m'mwambamo. Ine zambiri sindizidziwa. Ndimangoyatsa."

Mawu akuti ndimangoyatsa aja anandibaya kuposa tinyali tija. Munthu sankatha ngakhale kusiyanitsa memole yodzaza ndi yakufa. Ndinawaphunzitsa ndine sabata yomweyo, atandiitana, chifukwa kukana kukanaoneka ngati nsanje. Nditakhala pampando wawo ndinaona filimu yathunthu ikulowa m'memole ndisanamalize kuyamwitsa bere limodzi. Kwathu ndinkayamwitsa onse awiri, mwana n'kugona, kamzere kakadali panjira.

Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala. Anthu akutali amangodziwa Thyolo wa chiperoni, koma pansi pa malata masana a mwezi umenewo ngakhale sopo amafewa. Kompyuta yathu inayamba kukomoka. Fani inkayamba yabangula ngati minibasi pa chitunda, kenako sikirini n'kuda, filimu ya munthu ili pakati. Ndinkatsegula m'mbali, kutenga lichero n'kumaikupizira, kasitomala ali chiimire. Ikazizira ndinkayatsanso n'kuyambira poyamba. Ndinayesa kuika beseni la madzi pansi pa tebulo kuti mphepo izibwera yozizira. Ndinayesa kuponya masaka onyowa padenga. Aneba a zitumbuwa ataona besenilo anati, "Nanunso mwayamba kuimwetsa? Muziipatsa ndi chitumbuwa chomwe."

Ine kudikira sikundivuta. Koma munthu amene watchola tiyi kuyambira m'bandakucha safuna kuonerera mayi akupeta mphepo. Panali bambo ena achikulire, alonda a ku fakitale, amene ankabenetsa makwaya kwa ine chitsegulireni shopu. Tsiku lina anadikira kompyuta itakomoka kawiri, kenako anatambasula dzanja mwaulemu.

"Mayi, tandipatsani kaye kamemoleko, ndikapopetse njinga apa."

Ndinawapatsa ndi manja awiri. Ndinawaona akuwoloka msewu osacheuka, njinga yawo itatsamira pakhoma lathu.

Kuyambira pamenepo maso anga ankakhala tsidya. Ndikamasesa ndinkayang'ana kumeneko. Ndikamachapa matewera ndinkaika beseni poti ndizitha kuona khomo lawo. Aliyense wolowa kumeneko ndinkamudziwa, ndinkadziwa ndi nyimbo zimene amakonda, poti ambiri anali anga. Ana a sukulu ankaunjikana pazenera lawo kuonerera tinyali, makolo n'kumatsatira ana.

Amuna anga nawonso anayamba kuimika njinga tsidya asanafike pakhomo pawo. Ankati akuphunzira. Ndinkawaona atawerama, mphuno pafupi ndi galasi, anzanga aja akuseka china chake. Sindinaganizepo kuti pali zachibwana pakati pawo, ndipo mpaka lero sindiganiza choncho. Chimene chinkandiwawa ndi nkhope yawo. Kompyuta yathu sanaiyang'anepo motero, ngakhale tsiku limene anabwera nayo.

"Abambo ake mwana, mungosamukira komweko basi. Mwina madziwo akakuziziritsani inunso."

"Nsanje, amake mwana."

"Nsanje ya chiyani? Ya bokosi?"

"Ya tinyali."

Ndinaseka, koma sindinawatsutse.

Tinagwirizana zopita nayo kwa amisiri ena okonza makompyuta ku Luchenza. Tinaikulunga m'chitenje changa, amuna anga n'kuimanga pa kaliyala, ine ndi mwana tinatsatira pa minibasi. Amisiriwo anachotsa fani ndi chipeso, n'kutionetsa pamwamba pa purosesa. Panali zotuwa zoumiratu, zong'ambikang'ambika ngati dothi la m'dambo m'chilimwe.

"Matenda anu ndi awa," anatero. "Apa pamakhala kaphala kolumikiza purosesa ndi chitsulochi kuti moto uzidutsa. Kanu kanauma kalekale. Ndipaka katsopano, ndibwezera fani yanu yomweyi, muzipita. Mwaisamala bwino, fumbi mulibe."

"Isiya kulira?" ndinafunsa.

"Ichepetsa."

"Nanga ya madzi?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amuna anga, ngati akufuna kudziwa kuti wabweretsa mnzake ndani.

"Mwaona ya kwanu kuja eti? Ndinakailumikiza ndine. Nayonso ili ndi mafani, mayi. Kungoti madzi amanyamula moto kupita nawo ku rediyeta, kumene mafani akuluakulu amazungulira mosathamanga, ndiye simuwamva. Pa makina amphamvu ngati aja imathandiza. Yanuyi ndi yofatsa, mphepo ikuikwanira. Ndiponso kuthamanga kwa ija si chifukwa cha madzi, ndi makina ena basi. Yanu ngakhale muimize mumtsinje wa Ruo siidzathamanga choncho."

Amuna anga anaseka. Ine sindinaseke.

"Chinanso," anapitiriza amisiriwo, "fani ikadwala imalira, inu mumamva, mumagula ina pamsika uliwonse. Ya madzi ili ndi kapampu m'kati. Kakamafa sikatsanzika. Ndipo madzi ndi magetsi mukudziwa kuti sakhalira nyumba imodzi."

Zonsezo ndinamva. Koma pa shelefu kumbuyo kwawo panali mapaipi awiri akuda atapindika, ndi rediyeta yake. Amuna anga anali ataiona kale. Mawu akuti rediyeta atangotchulidwa anawongoka ngati aitanidwa dzina.

"Iyo ndinachotsa m'kompyuta ya munthu wina, yatumikira zaka," anatero amisiriwo atatsata maso athu. "Ikugwira, koma sindingakulonjezeni kanthu."

"Tiikireni yomweyo," tinatero pafupifupi limodzi.

Mtengo wake unapitirira zimene tinanyamula, choncho tinasiya komweko fani yathu ndi chipeso chake, n'kulonjeza kutumizanso sipika imodzi mwa ziwiri za kushopu. Tikumanga katundu pa njinga, amisiriwo anatiuza kuti zoterezi amazimata kufakitale, sizifuna kutsegulidwa kapena kuthiridwa kanthu. Tinavomera ndi mitu, maganizo ali kale kumsika kwathu.

Rediyeta sinakwane m'bokosi lathu lakale, ndiye anaimangirira pamwamba ndi mawaya, mapaipi n'kulowera m'mbali mosatseka. Inkaoneka ngati wodwala ali pa diripi. Tinyali inalibe, galasi inalibe. Koma titayatsa kunyumba munali bata. Ndinakhala pampando kumvetsera batalo ngati nyimbo. Masana onse sinakomoke. Filimu inkalowa mwaulesi womwe uja, monga ananenera amisiri, koma zimenezo sindinauze munthu. Ndinasuntha tebulo kufupi ndi khomo kuti odutsa aziona mapaipi.

Anzanga anawoloka kudzaona.

"Zakhala bwino, asisi. Ndiye rediyeta yanu imakhala panja ngati ya lole yothothoka boneti?"

Anaseka, ine n'kusekako. Kenako anandigwira paphewa.

"Ndiwauza abambo akwathu akutumizireni tinyali. Kumeneko n'totchipa, amangotaya."

Ndinathokoza. 

Patapita masabata angapo tinayamba kumva kaphokoso m'mapaipi poyatsa m'mawa, ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Masana mafani a pa rediyeta anayamba kuthamanga, kumveka mpaka pakhonde. Amuna anga anaika khutu pa rediyeta, n'kuigogoda ndi chala.

"Ludzu ili. Madzi atsika."

"Paja amisiri anati tisatsegule."

"Amisiri aja anakwerapo thirakitala? Pa esiteti, m'mawa uliwonse usanalize injini umayamba waona madzi. Ukaiwala, kapitawo amakudula tsiku. Rediyeta yosathiridwa madzi sindinaionepo, amake mwana."

Zinandimveka. Chilichonse chokhala ndi madzi chimene ndinkachidziwa chimaphwa, kaya mtsuko, kaya chitsime. Komanso kubwerera nayo ku Luchenza kunkatanthauza kuikweza pa njinga anzanga akuona, tsiku la malipiro lili pafupi.

Pakona ya rediyeta amuna anga anapeza kabawuti kobisika pansi pa kapepala komata. Ine ndinati ngati tikuithira madzi, asakhale a pamjigo osaphika. Ndinawawiritsa monga anatiphunzitsira ku sikelo ya ana, kuwasefa pakansalu koyera, n'kuwasiya azizire atavindikiridwa. Anali madzi omwewo amene mwana wanga ankamwa. Tinathira ndi kajekeseni kopanda singano komwetsera mwana mankhwala, dontho ndi dontho, mpaka anasefukira pang'ono. Zimene zinatulukazo zinali zoterera m'zala, za fungo lachilendo, osati madzi wamba. Tinayang'anana. Pobwezera kabawuti tinaona kuti kamphira kake kang'ambika. Amuna anga anadula kachingwe ku chubu chakale cha njinga, n'kukulunga molimba monga timamangira paipi iliyonse yodontha kuno kwathu, mfundo n'kuikoka ndi mano.

Kaphokoso kaja kanatha. Masiku otsatirawo amuna anga ankayenda ngati dokotala. Ine m'mawa uliwonse ndinkapisa chala pansi pa mfundoyo, n'kupeza pouma. Sindinkadziwa kuti masana madziwo akatentha amafuna potulukira, ndipo ankatsetsereka kunsi kwa paipi kulowa m'bokosi, kumene chala changa sichinkafika.

Tsiku la malipiro anthu anabwera. Ena mwa amene anathawa anabwerera, ngakhale alonda aja, chipewa chili m'manja ngati akulowa m'tchalitchi. Mzere unafika pa zitumbuwa za aneba. Ndinaponya maso tsidya n'kuona kuti wa anzanga ndi wautalipo, koma pang'ono pokha, ndipo mtima wanga unamva kukoma kumene ndinali ndisanakumve mwezi wonsewo. Ndinali ndikubena makwaya a alondawo pamene ndinamva kuthetheka, kochepa chabe, ngati ngumbi yagwera pamakala. Kenako fungo la pulasitiki yopsa. Sikirini inada. Ndinazimitsa pakhoma n'kusuzumira m'mbali. Pa bolodi lalikulu, pamene pamalumikizidwa zonse, panali kanjira konyowa kotsika kuchokera ku paipi, ndipo kumapeto kwake panali pakuda.

Anthu anadikira pang'ono chifukwa cha ulemu. Kenako mmodzimmodzi anatenga mamemole awo n'kuwoloka. Alonda aja ulendo uno sananamizire kanthu. Anangoti, "Pepani mayi," n'kutenga kamemole kawo. Anabweranso dzuwa likulowa kudzandiuza kuti tsidya kuja akakaika m'kompyuta kakukana, nako kafa.

Ku Luchenza amisiri aja anaiyang'ana mfundo ya chubu ija nthawi yaitali. Sanatikalipire.

"Munathiramo chiyani?"

"Madzi," anatero amuna anga.

"Owiritsa," ndinawonjezera. "Osefa."

Amisiriwo anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anati, "Ayi, matenda otsegula m'mimba okha sinafe nawo." Kenako anatiuza kuti bolodi lapsa, purosesa yapita nalo, kabokosi kogawa magetsi nakonso. Chinapulumuka ndi hadi yokha, kachitsulo kosungira nyimbo ndi mafilimu. Fani yathu ija inali itaikidwa kale m'kompyuta ya munthu wina.

Hadi yopanda kompyuta ili ngati nkhokwe yopanda khomo. Pamsika wathu wonse woigula anali mmodzi yekha. Anzanga anali ndi makina amphamvu koma nyimbo zochepa, zosakanikirana ngati nyemba ndi mchenga. Zanga ndinazisanja ndekha chiyambireni shopu, za pamaliro pazokha, za chinkhoswe pazokha, makwaya mpingo ndi mpingo, ndi za Chilomwe zakale zimene ndinkapempha kwa anthu obwera kuchokera ku Mozambique. Eni chipinda anali atayamba kudutsadutsa pakhomo kufuna lendi. Amuna anga anaika hadiyo m'thumba la malaya n'kuwoloka nayo msewu. Anzanga sanatidyere masuku pamutu. Anapereka bwino, n'kutumiza ndi shuga wa mwana, ndipo zimenezo zinandiwawanso chifukwa zinandisowetsa chowanenera.

Tinasamukira kwa amayi anga, ndipo mvula itagwa ndinakalembetsanso kotchola tiyi. Mwana amatsala ndi agogo ake. Madzulo a malipiro ndikamatsika ndimadutsa pakhomo pa anzanga, chifukwa njira ina kulibe. Tinyali tikusinthasintha mpaka lero. Mapaipi awo sanadonthepo. Fumbi lamata rediyeta yawo yonse, ine ndimaliona ndili pamsewu, iwo saliona, koma makinawo akungoyenda. Nthawi zina amandiitana mzere uli pakhomo.

"Asisi, za chinkhoswe zija munaziika pati?"

Ndimalowa dengu lili kumsana, ndimawalozera, n'kutuluka manja asanagwire chilichonse.

Zimene zinapita ndi izi: kompyuta yonse kupatula bokosi lake, fani yabwinobwino ndi chipeso chake zimene zinkangofuna kaphala, sipika imodzi, kamemole ka alonda kamene tinawagulira kena, nyimbo zanga zonse, kachipinda ka pamsika, ndi ntchito yokhala pansi pa denga mwana ali pafupi nane.